Ndani amalengeza kuti tili pa ngozi madzi akatilowera?

Mayi wina wa ku East Bank, dera la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, wanditumizira imelo kufunsa chifukwa chimene bwanamkubwa salengezera msanga kuti dera lili pa ngozi madzi akasefukira, komanso ngati banja lake liyenera kudikira chilengezocho kuti lilandire thandizo. Amayi, funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa inenso ndine mwana wa m'chigwa cha Shire chino ndipo ndinagonapo pamsasa wa anthu othawa madzi.

Khonsolo ya Nsanje kapena ya Chikwawa, ngakhalenso khonsolo ya mzinda monga Blantyre, si imene imalengeza zimene timamva pawayilesi zija. Amalengeza ndi mtsogoleri wa dziko. Chimene chimalengezedwa madzi akasefukira ndi State of Disaster, yomwe ndi yosiyana ndi State of Emergency ya mu gawo 45 la malamulo aakulu a dziko lino. Yachiwiriyi ndi yolemera, pakuti imatha kuchepetsa ena mwa maufulu a anthu, ndipo imatha pakadutsa masiku 21 pokhapokha Nyumba ya Malamulo itaiwonjezera. Lamulo loyamba la za ngozi zogwa mwadzidzidzi linabwera mu 1991, chaka cha napolo wa ku Phalombe, ndipo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023. A Peter Mutharika analengeza za ngozi m'maboma 15 mu Januwale 2015, nalengezanso mu Malichi 2019. A Lazarus Chakwera anachita chimodzimodzi pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023.

Koma mtsogoleriyo sadziwa yekha kuti mtsinje wa Ruo wasweka. Uthenga umayambira ku komiti ya ngozi ya m'mudzi, imene ambiri timaitchabe VCPC, n'kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako kuboma, kumene bwanamkubwa amatumiza anthu kukawerenga nyumba zogwa, minda yokokoloka ndi mabanja osowa pokhala. Lipotilo limapita ku DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo pamenepo m'pamene nkhani ya chilengezo imayambira.

Mu 2015, pamene Makhanga inasanduka chilumba ndipo anthu ankapulumutsidwa ndi mabwato a asilikali ndi helikopita, banja lathu linathawira pasukulu ina ya pulayimale yomwe inali pamalo okwererapo. Popeza ndinkadziwa kulemba, akomiti anandipatsa kope kuti ndilembe kaundula wa mabanja. Ndinalemba usiku ndi tochi ya foni, anthu atandizungulira, aliyense akufuula dzina lake poopa kutsala. Amayi ndi ana anagona m'makalasi, abambo panja pakhonde, ndipo zimbudzi za ana asukulu zinadzaza mwamsanga moti tinayamba kuopa kolera kuposa madziwo. Panali gogo wina amene anabwera mochedwa chifukwa anakhalira pachulu ndi mbuzi zake, ndipo pamene ufa, nyemba ndi mabulangete zinafika, dzina lake silinapezeke pa pepala limene ogawawo anabwera nalo, ngakhale m'kope langa linalimo. Anatiuza kuti pepalalo linatsekedwa kale. Gogoyo anadya chifukwa anzake anamutapira m'mbale zawo. Chilengezo chinali chitaperekedwa kale nthawi imeneyo, tinachimva pawayilesi ya munthu wina, koma sichinamulembe gogoyo pa mndandanda.

N'chifukwa chake ndikunena mosabisa kuti chilengezo si chimene chimapulumutsa munthu wa ku Makhanga, ku Mlolo kapena kwa Nyachikadza. Ntchito yake ndi kutsegula njira yoti boma lisonkhanitse ndalama ndi zipangizo, ndiponso kupempha thandizo kwa mayiko ndi mabungwe akunja, ndipo zimenezi ndi zofunika. Koma chimabwera madzi atalowa kale. Amene amapulumutsa moyo usiku woyamba ndi mnyamata amene akuyang'ana choyezera madzi kumtsinje n'kuimba foni kwa a kunsi, mayi woimba mluzu, ndi mwini bwato amene akuwolotsa ana. Anthu amenewa amagwira ntchito mongodzipereka, ndipo nthawi zambiri amagula okha mayunitsi a foni. Ine sindivomereza kuti chuma chochuluka chizifika ngozi itachitika pamene makomiti a m'midzi akusowa mabwato, majekete oyandamitsa ndi mamegafoni mvula isanayambe. Mvula imene imatimiza imagwa ku Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Mwanza, choncho nthawi yochenjeza imakhalapo ndithu ngati wochenjezayo ali ndi zipangizo.

Ndipo chilengezo chikangoperekedwa, amatuluka anthu ofunsa chifukwa chimene sitisamukira kumtunda, ena mpaka kunena kuti timakhalira dala kumadzi kuti tizilandira zaulere. Mawu amenewa amandipweteka. Chigwa chino chimalandira mvula yochepa ndipo dzuwa lake limapsereza mbewu zakumunda, kotero dimba la m'mphepete mwa Shire ndilo limatipatsa chimanga, mbatata ndi nyemba madzi akaphwa. Kusamuka n'koyenera m'malo ena, ndipo mabanja ambiri anasamuka kale, koma munthu amene mwamupatsa malo ouma opanda mjigo, sukulu kapena munda adzabwerera kudimba chifukwa cha njala. Kuyendetsa bwino nthawi ya ngozi kumafikanso pa funso la kumene anthu apite msasa ukatsekedwa, pakuti sukulu imafunika kutsegulidwa ndipo ana ayenera kubwerera m'makalasi.

Zoti muchite

Musadikire chilengezo, Amayi, chifukwa khonsolo, DoDMA ndi mabungwe monga Red Cross amatha kuthandiza potengera lipoti la kuboma ngakhale chisanaperekedwe. Dziwani amene ali m'komiti ya ngozi ya m'mudzi mwanu ndi malo amene munagwirizana kuthawirako, ndipo chitupa cha unzika ndi mabuku a kuchipatala muzisunge m'pepala la pulasitiki. Mukafika pamsasa lembetsani banja lonse tsiku lomwelo, mutchule oyembekezera, okalamba, olumala ndi amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kenako mupemphe kuti kaundulayo awerengedwe pagulu asanatumizidwe. Dzina lanu likasowa, kadandauleni kwa komiti ya pamsasa ndi kwa anyakwawa katundu asanayambe kugawidwa.