Kodi nzika ingadziwe ndalama zimene boma limalipira pa mapulogalamu a kompyuta?

Mayi,

Mwandifotokozera kuti bungwe lanu, lomwe limalondoloza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za misonkho, linafunsa ku unduna wina kuti udziwitse anthu kuchuluka kwa ndalama zimene umalipira makampani ogulitsa mapulogalamu a kompyuta ndiponso osunga mafailo a boma pa intaneti, ntchito imene akatswiri amaitchula kuti cloud. Yankho linabwera pakamwa pokha, lakuti nkhaniyo ndi chinsinsi chifukwa kontirakiti ili ndi ndime yoletsa kuulula za m'kati mwake. Mukufuna kudziwa ngati yankho limeneli lili ndi mphamvu pamaso pa lamulo. Maganizo anga ndi akuti lilibe mphamvu, koma kuti mupambane muyenera kufunsanso mwa njira imene lamulo linaika, ndipo mutchule zikalata zenizeni zimene mukufuna.

Ufulu wanu wagona pa gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko lino, lomwe limapatsa munthu aliyense mwayi woona nkhani zimene boma ndi nthambi zake zikusunga, malinga ngati nkhanizo zikufunika kuti munthuyo agwiritse ntchito maufulu ake. Ndondomeko yake ili m'lamulo la Access to Information, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu Disembala 2016, linasainidwa mu 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Lamuloli limakhudza maunduna, makhonsolo, makampani a boma, komanso mabungwe omwe si aboma pa mbali imene akugwiritsa ntchito ndalama za boma kapena kugwira ntchito m'malo mwa boma. Popeza gawo 37 limatchula za maufulu a wofunsa, ndi bwino kuika chiganizo chimodzi m'kalata yanu chonena kuti monga nzika zokhoma msonkho mukufuna nkhaniyi kuti mutenge nawo mbali pa kayendetsedwe ka dziko. Zikatero mumatseka khomo limene ena amathawirapo.

Nthambi iliyonse ya boma imayenera kukhala ndi ofesala amene anasankhidwa kuti azilandira mapempho otere, ndipo pempho lanu lipite kwa iyeyo, osati kwa mneneri wa unduna. Lamulo limalola ngakhale pempho lapakamwa kwa munthu amene satha kulemba, koma inu lembani, sungani kope, ndipo muonetsetse kuti kopelo ladindidwa chidindo chosonyeza tsiku limene alandira. Tsikulo ndi lofunika chifukwa ofesi imakhala ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti ikuyankheni. Kupereka pempho n'kwaulere. Chimene angakulipiritseni ndi mtengo woyenera wokopera zikalata kapena kuzimasulira. Akapanda kuyankha m'nthawi yake, lamulo limaona ngati akukanizani, ndipo mukhoza kupita patsogolo ndi dandaulo.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa kafunsidwe. Mukalemba kuti mukufuna kudziwa ndalama zonse zimene boma lawononga pa zamakompyuta, adzakuyankhani kuti palibe chikalata chotero, ndipo mwina adzakhala akunena zoona, pakuti lamulo limakupatsani zimene ofesi ikusunga kale. Ndalama za mapulogalamu sizituluka kamodzi ngati zogulira galimoto. Pamakhala mtengo wogulira ndi kukhazikitsa pulogalamuyo, ndalama ya laisensi imene imalipidwa chaka ndi chaka, malipiro a akatswiri okonza ikavuta, zophunzitsira ogwira ntchito, ndipo pa cloud bilu imabwera kawirikawiri malinga ndi kuchuluka kwa malo ndi mphamvu za makina zimene ofesi yagwiritsa ntchito. Nthawi zambiri mitengoyi imakhala ya madola, choncho kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabilu otere anakwera kwambiri m'makwacha popanda wina kusaina pangano latsopano. Dziwaninso kuti dzina la kampani yaikulu ya kunja, monga Microsoft, Oracle kapena Amazon, mwina silingaoneke n'komwe m'mabuku a unduna, chifukwa malaisensi amagulidwa kudzera kwa kampani ina yogulitsa m'malo mwake.

Pa chifukwa chimenechi, pemphani ndondomeko ya zogula ya pachaka ya undunawo, chidziwitso choitanira makampani ku mpikisano, lipoti la komiti imene inaunika mitengo, mfundo za msonkhano wa komiti yoona zogula ya mu undunamo, kontirakiti yeniyeniyo pamodzi ndi mapangano onse oonjezera amene anasainidwa pambuyo pake, ma invoisi, ndi zikalata zosonyeza kuti ndalama zinalipidwa. Tchulani zaka za chuma zimene mukufuna, ndipo munene kuti mukufuna za makampani onse amene anapereka malaisensi, kukonza mapulogalamu kapena kusunga mafailo pa intaneti. Mapangano oonjezerawo musawaiwale, chifukwa m'menemo ndi mmene mtengo umakulira mwakachetechete. Ngati kampani inapatsidwa ntchito popanda mpikisano, zomwe zimachitika kawirikawiri pa mapulogalamu pa chifukwa chakuti amene anaika pulogalamu ndiye yekha angaikonze, pemphaninso kalata imene unduna unalembera bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma la PPDA popempha chilolezo, pamodzi ndi yankho lake.

Tsono za ndime ya chinsinsi ija. N'zoona kuti lamulo limateteza zinsinsi za malonda za kampani, ndipo ofesi imayenera kudziwitsa kampani yokhudzidwayo kuti inene maganizo ake zikalata zisanatulutsidwe. N'zoonanso kuti zolemba za nduna za boma pa misonkhano yawo sizili pansi pa lamuloli, ndipo nkhani zoika chitetezo cha dziko pa chiswe zikhoza kukanidwa. Woweruza aliyense angamvetse ofesi imene yakana kuulula mmene pulogalamu inalembedwera m'kati mwake, mapasiwedi, kapena mmene maseva (makompyuta akuluakulu osungira mafailo) a boma amatetezedwera kwa akuba a pa intaneti. Koma mtengo ndi nkhani ina. Pa mpikisano wa poyera, mitengo ya makampani imawerengedwa mokweza pa tsiku lotsegula ma envulopu, ndipo dzina la wopambana ndi ndalama zake zimalengezedwa m'manyuzipepala. N'kovuta kunena kuti chinthu cholengezedwa chotero chasanduka chinsinsi pambuyo pake. Komanso pangano la pakati pa unduna ndi kampani silingafafanize lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Pamene chikalata chili ndi mbali yotetezedwa ndi ina yosatetezedwa, ofesi iyenera kuphimba yotetezedwayo n'kukupatsani yotsalayo, ndipo udindo wosonyeza chifukwa chokanira uli pa ofesiyo, osati pa inu.

M'kalata yanu muonetse chifukwa chimene anthu ayenera kudziwira zimenezi, ndipo zitsanzo zilipo za kwathu konkuno. Kubedwa kwa ndalama za boma kwa mu 2013, kotchedwa Cashgate, kunadutsira mu IFMIS, pulogalamu yolipirira ndalama za boma. Mu 2019 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inasaina kontirakiti ya madola 60.8 miliyoni ndi kampani ya Techno Brain yopanga mapasipoti amakono. Mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo pa nthawiyo, a Thabo Chakaka Nyirenda, anaithetsa mu Disembala 2021, ndipo kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti makinawo analowereredwa ndi akuba ofuna dipo. Nkhani imeneyi imaphunzitsa kuti pambali pa mtengo muyenera kuwerenganso ndime zonena za mwini wake wa mafailo, dziko limene akusungidwa, ndi zimene zidzachitike pangano likadzatha.

Akakukanizani, yankho liyenera kukhala lolembedwa ndi lotchula zifukwa. Poyamba mumapempha mkulu wa ofesiyo, amene ku unduna ndi mlembi wamkulu, kuti aunikenso chigamulocho, ndipo muchite zimenezi mwamsanga chifukwa nthawi yodandaulira ili ndi malire. Zikakanika pamenepo mumapita ku bungwe loona za maufulu a anthu la Malawi Human Rights Commission, lomwe lamulo linalipatsa udindo woyang'anira nkhanizi, ndipo pomaliza pali bwalo lalikulu la milandu. Kubisa, kusintha kapena kuononga zikalata dala pofuna kulepheretsa wofunsa ndi mlandu.

Pamene mukudikira, onani malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma amene amaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo, ndiponso mabuku a bajeti. Ngati pulogalamuyo inagulidwa ndi ndalama za World Bank, monga pansi pa ntchito ya Digital Malawi, bankiyo imaika poyera mayina a makampani amene apatsidwa makontirakiti akuluakulu pamodzi ndi mitengo yake. Mukalemba kalata yanu, nditumizireni ndiione musanaipereke, makamaka mndandanda wa zikalata ndi zaka za chuma zimene mwatchula.