Florence pa tsiku limodzi? Achemwali, imvereni chisoni miyendo

Achemwali ena anditumizira imelo kufunsa ngati angathe kuona mamyuziyamu a Uffizi ndi Accademia komanso kukwera denga la tchalitchi chachikulu cha Duomo pa tsiku limodzi ku Florence, mzinda wa ku Italy, poti ali ndi wikendi yokha. Eeh, funsoli landikanda pachilonda. Ine ndinapitako ndi gulu, wotitsogolera atakweza kambendera m'mwamba ife pambuyo ngati ng'ombe zopita ku dipi, akangoti tiyeni basi tonse liwiro, mpaka tinafika m'chipinda cha zojambula za Botticelli mu Uffizi muja pomwe pali chithunzi cha mulungu wamkazi Venus ataima pa chigoba, koma chomwe ndinaona ine ndi misana ya anthu ndi mafoni m'mwamba, Venusyo tsitsi lokha.

Mawa lake ndinawazemba ndikupita ku San Marco, nyumba yakale ya ansembe a Dominican. Mukangokwera masitepe mukumana maso ndi maso ndi mngelo akulonjera Mariya, wojambulidwa ndi Fra Angelico pakhoma penipeni, ndiye m'tizipinda togona ansembewo chilichonse chili ndi chithunzi chakechake, kazenera kang'onong'ono pambali, palibe wokukankha. Savonarola, wansembe wolusa uja amene anawotchetsa zinthu zamanyado za anthu, ankagona momwemo asanamupachike ndikumuwotcha pabwalo la Piazza della Signoria mu 1498. Pamalopo pansi pali chizindikiro chozungulira, anthu amangopondapo akunyambita gelato, ayisikilimu wa kumeneko.

Ndiye ndinene mosapsatira, kuthamangira mamyuziyamu atatu tsiku limodzi si kuona zaluso, ndi kutolera zithunzi za pa WhatsApp status basi. Ndipo ambiri ojambulitsa ndi chiboliboli cha David pabwalo paja sadziwa kuti ndi kope chabe, weniweni amene Michelangelo anamaliza kusema mu 1504 anamulowetsa mu Accademia mu 1873. Chimandinyansanso n'choti aliyense amatchula Lorenzo ndi Cosimo a banja la Medici limene linkalamulira Florence koma amaiwala mayi Anna Maria Luisa, womaliza wa banjalo, amene mu 1737 anasainira pangano loti chuma chonse cha zalusochi chisatuluke m'dziko la Tuscany. Popanda mayiwa bwenzi zambiri zili ku Vienna, kumene kunkakhala olamulira atsopano a Tuscany.

Nanga muchite bwanji?

Myuziyamu yaikulu imodzi patsiku, osapitirira. Loweruka Uffizi m'mawa akangotsegula, tikiti mugule pa intaneti musananyamuke chifukwa layini ya pakhomo imadya theka la tsiku. Lamlungu David, koma likakhala Lamlungu loyamba la mwezi kulowa n'kwaulere ndiye khamu lake mukalira nalo. Lolemba musayerekeze, Uffizi ndi Accademia zonse zimakhala zotseka. Denga la Duomo, limene anamanga Brunelleschi, lili ndi masitepe 463 ndipo lifiti kulibe, pena mumadutsa chopendekeka pakati pa makoma awiri, ngati mawondo amakuvutani ingoliyang'anani muli pansi, lakhala pomwepo kuyambira 1436. San Marco onani kaye nthawi yake pa intaneti, imakonda kutseka msanga.