Mafunso ndi Mayankho: Kupeta, Kusoka ndi Kujambula Pakhomo

Makalata a ulendo uno achokera kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Ndinapeta maluwa pa nsalu ya patebulo. Nditaichapa yachita makwinya kuzungulira maluwa onse, ndipo ngakhale ndisite chotani sakuchoka. Chalakwika n'chiyani? — Mayi wa ku Ngabu

Mayi, nthawi zambiri vuto limeneli limayamba singano isanalowe n'komwe. Nsalu yathonje yatsopano, makamaka bafuta wogula pa mita uja, imafupika ikalawa madzi koyamba, pamene ulusi wopetera sufupika nayo mofanana. Choncho ichapeni kaye, iume, muisite, ndiye muzijambulapo.

Chachiwiri ndi kukoka ulusi. Ulusi uzingogona pa nsalu, usamaikoke. Ulusi wopetera weniweni umabwera m'kamtolo ka mamita 8, ndipo chingwe chake chimakhala ndi tiulusi 6 topotana. Ambiri amalowetsa tonse 6 pa singano, n'chifukwa chake nsalu yopyapyala imalemedwa n'kukwinyika. Dulani chingwe cha masentimita 45, kuchokera kunsonga ya chala kufika pachigongono, musolole tiulusito kamodzikamodzi, kenako muphatikize tiwiri ngati nsalu ndi ya bafuta, kapena titatu ngati ndi yokhuthala. Chingwe chotalika kuposa pamenepo chimapotana, chimamanga mfundo, ndipo chimathothoka chifukwa chodutsadutsa m'nsalu.

Chachitatu, musamapete nsalu ili lendelende m'manja. Imafunika mikombero iwiri, wina wolowa bwino mwa unzake. Ngati m'sitolo mulibe, woluka malichero angakupangireni ndi nsungwi, yotambalala masentimita 18 kapena 20. Mkombero wamkati muukulunge ndi kansalu kuti nsungwi isakande kapena kudetsa ntchito yanu. Yalani nsalu pamwamba pake, mukanikize wakunja, nsalu ikungike ngati chikumba cha ng'oma. Pokunga muzikoka motsata mizere ya ulusi wa nsaluyo, m'litali ndi m'lifupi, osati chopingasa, chifukwa nsalu yokokedwa chopingasa imabwerera mukaimasula ndipo duwa limapotoka. Mukaweruka muziichotsa mumkombero.

Nsalu imene yakwinyika kaleyi inyowetseni, muiyale chafufumimba pa thaulo lokhuthala, muitambasule pang'onopang'ono n'kuikhoma mapini m'mbali, iume pamthunzi. Kusita kuzikhala kwa kuseri, maluwa atagona pa thaulo, kuti asaphwatalale. Zikakanika ndiye kuti ulusi unakokedwa kwambiri, ndipo palibe simbi imene ingakonze. Masulani duwa limodzilimodzi mupetenso.

Ulusi wofiira unachucha n'kudetsa nsalu yoyera ya pilo. Komanso nsalu zanga zimada ndisanamalize, ndipo pena pamakhala madontho a dzimbiri. Anzanga akuti ndiziviika m'madzi amchere. — Mtsikana wa ku Bangula

Achemwali, mchere umathandiza pamene ulusi ukunyikidwa mu utoto, koma sugwira mtundu wa ulusi umene unanyikidwa kale molakwika. Chothandiza ndi kuyesa ulusi musanaugwiritse ntchito. Dulani kachidutswa, mukanyowetse, mukaike pakati pa kansalu koyera n'kusindikiza ndi simbi yotentha. Kansaluko kakatenga mtundu, tsukuluzani kamtolo konse m'madzi ozizira mpaka madzi aziyera, kapena mungousiya ulusiwo. Wofiira, wakuda ndi wabuluu woderapo ndiwo amavutitsa kawirikawiri.

Mukaona kuti mtundu wayamba kuchucha pochapa, musaiyanike nsaluyo ndipo musaisite, chifukwa kutentha kumakhazikitsa banga. Pitirizani kutsukuluza, mukusintha madzi ozizira, mpaka bangalo lithe. Jik asayandikire nsalu yopeta.

Zakuda ndi dzimbirizo ndi thukuta. Mu Okutobala ndi Novembala kuchigwako kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chala chonyowa chimasiya mafuta ndi mchere pa ulusi. Muzipeta m'mawa kapena dzuwa litapendeka, mutasamba m'manja ndi sopo komanso musanadzole mafuta. Mbali ya nsalu imene simukupetapo muikulunge m'chitenje chakale choyera. Singano musamaisiye yobaya pa nsalu usiku. Muziipukuta n'kuisunga m'kabotolo kotseka. Dontho la dzimbiri likakhala poyera, thirani madzi a ndimu ndi mchere pang'ono, muike padzuwa kanthawi kochepa n'kutsukuluza, koma ndimuyo asakhudze ulusi wamitundu.

Madzi nawo muziwasankha. Mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere amene sopo sachita nawo thovu bwino, ndipo nsalu imauma gwa. Madzi a mvula ndi abwino kwambiri. A mumtsinje ayambe adikha. Kuyanika kukhale pamthunzi, pakuti dzuwa la kumeneko silichedwa kusulutsa mitundu.

Kusoka ndimatha, koma kujambula ndiye ayi. Ndingaike bwanji chithunzi pa nsalu? — Mayi wa ku Nchalo

Mayi, opeta ambiri aluso sajambula kuchokera m'mutu, amachita kukopera. Jambulani kapena koperani chithunzi pa pepala, mudetse mizere yake ndi cholembera chakuda. Matani pepalalo pa galasi la windo masana, muike nsalu pamwamba pake, ndipo mizere idzaonekera. Itsateni ndi pensulo yosongoka bwino, mopepuka. Ngati windo lagalasi palibe, galasi la felemu ya chithunzi ndi tochi pansi pake zimagwira ntchito yomweyo.

Nsalu ikakhala yokhuthala kapena yakuda, boolani pepala ndi singano motsata mizere, timabowo totalikirana mamilimita 3. Sinjani choko ngati nsalu ndi yakuda, kapena makala ngati ndi yoyera, mumange ufawo m'kansalu, muzigogoda pamwamba pa pepala litagona pa nsalu. Mukachotsa pepala mudzapeza timadontho. Tilumikizeni ndi pensulo kapena kachidutswa ka sopo kotsala kopyapyala, kenako mukutumule ufawo. Bolopeni ayi: inki yake imayenderera pochapa. Musasitenso nsalu mizere ya pensulo ikadalipo.

Chithunzi chikachepa, chikulitseni ndi timabokosi. Tinene kuti ndi cha masentimita 10 ndipo mukufuna cha 30. Lembani pa chithunzicho timabokosi ta sentimita imodzi mbali zonse, ndipo pa pepala lina mulembe mabokosi a masentimita 3, ochuluka chimodzimodzi. Koperani bokosi limodzi pa nthawi, mukuyang'ana pamene mzere walowera ndi pamene watulukira.

Tikupemphani kuti musamangokopera maluwa a m'mabuku akunja. Zojambula zili pakhomo panu pomwepo, ndipo zambiri n'zosavuta kuposa duwa. Bwato ndi mizere iwiri yokhota yokumana kunsonga, mpondo n'kukhala mzere umodzi. Mvuu ya m'dambo la Elephant Marsh imangofuna msana, makutu ndi maso pamwamba pa timizere tamadzi. Nyala wa ku Lengwe amadziwika ndi mizere yake yoyera, imene imatuluka bwino pa nsalu yofiirira. Mlambe umafuna nzeru pang'ono: thunthu lake ndi lalikulu, choncho musalidzaze ndi misoko yopingasa kuchoka mbali ina kufika ina. Msoko wodzazira ukapitirira sentimita imodzi umalendewera n'kumakola zinthu. Zungulizani thunthulo ndi msoko wa tcheni, umene taufotokoza m'munsimu, mkati mudzaze mizere yotsika motsata maonekedwe a mtengowo.

Chimene ife timachikonda koposa ndi thonje lophulika: timasamba tinayi kapena tisanu tofiirira pansi, pamwamba timfundo toyera tothithikana. Ndi mbewu ya kwanu kuyambira kalekale. David Livingstone atayenda mu Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuomba nsalu zawozawo.

Ndili Fomu 2 ndipo ndikufuna kupeta dzina langa pa chikwama cha mabuku. Ndiyambe ndi msoko uti? — Mnyamata wa ku Nsanje

Achimwene, yambani ndi msoko wobwerera m'mbuyo, umene umatulutsa mzere wosaduka. Tulutsani singano mamilimita 3 kutsogolo kwa poyambira, muibwezere poyambirapo, muitulutsenso mamilimita 3 kutsogolo kwa pamene inatulukira koyamba, n'kuibwezera m'bowo limene msoko woyamba unathera. Pokhota, monga pa S kapena O, fupikitsani misoko ikhale ya mamilimita 2, apo ayi chilembo chimachita ngodya.

Mukafuna zilembo zonenepa, msoko wa tcheni ndiwo. Tulutsani singano, muibwezere m'bowo lomwelo koma musamalize kukoka, patsale kamphete ka ulusi. Itulutseni kutsogolo pang'ono mkati mwa kampheteko, mukoke mofatsa mpaka kagone. Kamphete komaliza mukakhomerere ndi kamsoko kakang'ono, mukapanda kutero tcheni chonse chimasololoka. Kamfundo kokongoletsera, monga kadontho ka pa i, kamapangidwa pokulunga ulusi kawiri pa singano n'kuibaya pambali penipeni pa bowo limene inatulukira, dzanja lina likugwirabe ulusi. Mukabaya m'bowo lomwelo kamfundoko kamathawira kuseri.

Zilembo zikhale zotalika masentimita 3 kapena 4, pakati pa mizere iwiri ya choko kuti zifanane. Pomaliza chilembo chilichonse, lowetsani ulusi kunsi kwa misoko inayi ya kuseri n'kudula. Musaudumphitse kupita ku chilembo china, chifukwa mabuku adzaukola.

Ndine telala. Tizidutswa ta zitenje tikungodzaza matumba. Ndingapange nato chiyani chogulitsika? — Bambo wa pa Dyeratu

Bambo, zitenje zambiri zili kale ndi nsomba, mbalame ndi masamba ojambulidwa bwino. Dulani chithunzi chimodzi, mukusiya theka la sentimita kuzungulira. M'malo okhota chekani timipata m'mphepetemo kuti popinda pasatukumuke, pindirani kuseri n'kusita. Chiikeni pa nsalu yamtundu umodzi, mizere ya ulusi wa nsalu ziwirizo iyang'ane kumodzi, muchigwirize ndi misoko italiitali yodzachotsa, kenako mudutse ndi makina mamilimita 2 kuchokera m'mphepete. Zidutswazo muzichape kaye, popeza zitenje zina zimachucha. Zikwama za kumsika, mapilo a pampando ndi zigamba za pamaondo a mabuluku a ana ndi poyambira pabwino. Pa chikwama chimodzi zithunzi zisapose zitatu; zikachuluka diso limasowa poima.

Ana anga amakonda kujambula koma mapensulo sachedwa kutha. — Mayi wa ku Makhanga

Apangireni makala ojambulira, Mayi. Dulani timitengo towongoka tonenepa ngati pensulo, totalika masentimita 10, musende makungwa, tiume. Tidzazeni m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro, muboole kabowo kamodzi ndi msomali pachivundikiropo, muike pamoto wamphamvu pafupifupi ola limodzi. Utsi ukasiya kutuluka pakabowo, phulani chitinicho ndipo musachitsegule mpaka chizizire, chifukwa mpweya ukalowa chikadali chotentha makalawo amayaka n'kusanduka phulusa. Kamtengo kofiirira mkati ndiye kuti sikanapse, kabwezereni pamoto. Ntchito ya pamotoyi igwiridwe ndi wamkulu, panja. Makatoni ndi mapepala a matumba a simenti okutumula bwino amagwira makala kuposa pepala losalala la m'kope, ndipo chala kapena kathonje kamakwanira kufalitsa mthunzi pa chithunzi.