Kodi kompyuta ya pakhomo ingathandizedi kufufuza zolengedwa zanzeru za kumlengalenga?

FUNSO: Ndinamva kuti munthu angathe kubwereketsa mphamvu ya kompyuta yake kwa asayansi omwe amamvetsera ngati kuthamboku kuli zolengedwa zanzeru. Kodi n'zoona, nanga ndingalowemo bwanji? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: N'zoona ndithu, koma ntchito imene mukunenayo inasiya kugawidwa. Dzina lake ndi SETI@home, ndipo inayamba pa 17 Meyi 1999 ku yunivesite ya California ku Berkeley, motsogozedwa ndi David Anderson ndi Dan Werthimer. Chimbale chachikulu cha ku Arecibo, pa chilumba cha Puerto Rico, chotalika mamita 305 m'mimba mwake, chinkatola mafunde a wailesi ochokera kuthambo pafupi ndi 1420 MHz. Pamenepa m'pomwe mpweya wa hayidirojeni umatulutsira mafunde ake mwachilengedwe, choncho asayansi ankati aliyense wodziwa za nyenyezi, kulikonse komwe ali, angasankhe pomwepo pofuna kumvedwa.

Zotoledwazo ankaziduladula m'tizidutswa ta masekondi 107, kalikonse pafupifupi 350 KB, n'kutumiza kwa anthu odzipereka. Kompyuta inkasakamo chizindikiro chopyapyala chomwe nyenyezi sizitulutsa, makamaka chomwe chikukwera kenako n'kutsika m'masekondi ngati 12, nthawi yomwe chimbalecho chinkatenga podutsa malo amodzi kuthambo. Chizindikiro chosakwera n'kutsika chotere nthawi zambiri chimakhala cha pansi pompano, cha ma radar kapena mawailesi athu omwe. Ichi ndicho chinkavutitsa kwambiri.

Anthu oposa 5 miliyoni anatengapo mbali. Kugawa tizidutswa kunaima pa 31 Malichi 2020, ndipo chimbale cha Arecibo chinagumuka pa 1 Disembala chaka chomwecho. Mu 2025 ofufuzawo analengeza kuti pa zizindikiro pafupifupi 12 biliyoni anasefapo ngati 100 zoyenera kuziyang'ananso ndi chimbale cha FAST cha ku China, cha mamita 500. Palibe n'chimodzi chomwe chimene chatsimikizika kuti n'chochokera kwa zolengedwa zina.

FUNSO: Ndiye basi palibenso chochita? Mphunzitsi wa sayansi ku Chipata.

YANKHO: Chilipo. Pulogalamu ya BOINC, yomwe inapangidwa ku Berkeley komweko kuti anthu azibwereketsa mphamvu ya makompyuta awo ku ntchito zosiyanasiyana za sayansi, ikugwirabe ntchito ndipo ndi yaulere. Kwa wokonda zakuthambo timalimbikitsa Einstein@Home, yomwe inayamba mu 2005. Siifufuza zolengedwa, imasaka nyenyezi zing'onozing'ono zozungulira mothamanga zotchedwa ma pulsar, ndipo ena mwa mafunde ake amatoledwa ndi zimbale za MeerKAT ku South Africa. Mu 2010 makompyuta a anthu wamba anapezadi pulsar yatsopano kudzera m'njira imeneyi.

Tengani BOINC pa boinc.berkeley.edu basi, osati kwa munthu wokupatsani pa fulashi. Mukaiika, tsegulani BOINC Manager, dinani "Add project", sankhani Einstein@Home, lembani imelo ndi mawu achinsinsi. Musanachokepo lowani mu "Computing preferences", chifukwa mukaisiya mmene yabwerera idzagwiritsa ntchito purosesa yonse.

FUNSO: Kodi sizingandiwonongere laputopu kapena kundithera magetsi? Wowerenga wa ku Tete.

YANKHO: Zingathe, mukalekerera. Mdani wamkulu ndi kutentha. Pa laputopu lolani theka lokha la purosesa, 50 peresenti, ndipo chongani poti iziima ikakhala pa batire. Ikani makinawo pa tebulo lolimba, osati pa bulangete, ndipo pemererani fumbi m'timabowo totulukira mpweya. Purosesa ikamapitirira madigiri 80 kwa maola ambiri, chepetsani gawolo. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala ndi bwino kuiyendetsa usiku wokha.

Za magetsi werengerani motere: kompyuta ya pa desiki yodya mawati 100 ikayaka usana ndi usiku imatha mayunitsi 2.4 pa tsiku, omwe ndi 72 pa masiku 30. Palibe amene adzakubwezereni ndalama imeneyi, mapointi omwe BOINC imapereka sagula kanthu. Ife timaona kuti n'chanzeru kuilola izigwira ntchito pa maola omwe kompyuta imakhala yoyaka kale.

Magetsi akathima mwadzidzidzi simutaya zambiri, pakuti pulogalamuyi imasunga pomwe yafika pafupipafupi. Vuto limabwera akasowa masiku angapo: kachidutswa kalikonse kali ndi tsiku lake lomaliza, ndipo likadutsa kamaperekedwa kwa munthu wina. Choncho musasunge ntchito yoposa ya tsiku limodzi. Ikaninso malire a data pomwepo pa "Computing preferences", chifukwa mafayilo oyamba a Einstein@Home ndi aakulu ndipo angathe kumaliza bandulo yaing'ono.

Zotsatira zanu zikamakanidwa, yang'anani makina anu. Kachidutswa kamodzi kamatumizidwa ku makompyuta awiri ndipo mayankho amayerekezedwa. Purosesa yotentha mopyola, yothamangitsidwa kuposa mlingo wake, kapena RAM (mbali yosunga kwakanthawi zomwe kompyuta ikugwirapo ntchito) yowonongeka zimatulutsa masamu olakwika.

Kwa aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maofesi: musaike BOINC pa makompyuta a sukulu kapena a kampani popanda chilolezo cha eni ake. Malamulo a BOINC enieniwo amaletsa zimenezi.