Kodi Agwape Amayenda Kukamagwa Mvula?

Wowerenga wina amene akukhala ku Indiana, m'dziko la America, wanditumizira imelo. Anzake a kuntchito amuitana kuti akasake nawo agwape mu Novembala, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kulowa m'nkhalango kunja kukachita mitambo kapena mvula ikamagwa.

Achimwene, pitani ndithu, chifukwa nyengo siisintha kwambiri kayendedwe ka nyama zimenezi monga mmene alenje ambiri amakhulupirira. Akatswiri a pa yunivesite ya Penn State, amene kuyambira mu 2013 akhala akuveka agwape makolala a GPS (zipangizo zosonyeza kumene nyama ili) m'nkhalango za ku Pennsylvania, anapeza kuti agwape amatsata nthawi zawo zomwe zija, m'bandakucha ndi chisisira. Ndiponso Novembala ndi mwezi umene amakwerana. Chimene chimayambitsa zimenezi ndi kufupika kwa masiku, osati mvula, ndipo gwape wamphongo amene wanunkhiza wamkazi sagona pansi chifukwa cha mvula yowaza.

Mitambo imathandiza pang'ono. Maso a gwape amaona bwino pamene kuwala kwachepa, ndipo ubweya wochindikala umene amamera pokonzekera chisanu umamutopetsa dzuwa likatentha, kotero tsiku lozizira la mitambo mukhoza kumupeza akudyabe m'mphepete mwa munda wa chimanga kutacha kale. Mvula yamkuntho ndiyo imawagoneka m'ziyangoyango, koma ikangokata amadzuka ndi njala, ndipo mlenje amene anapirira pamalo ake ndiye amawaona.

Kunena zoona, mvula imasintha kwambiri zinthu kwa inuyo kuposa kwa gwape. Masamba ouma amene amakuululani mukaponda amakhala atanyowa, choncho mukhoza kunyang'ama mpaka pafupi osamveka. Koma mphuno yake siipumula, ndiye muziyenda mphepo ikukuwombani kumaso. Musaiwalenso chovala cha mtundu wa olenji chimene lamulo la ku Indiana limafuna pa nyengo yosaka ndi mfuti, popeza m'nkhungu mlenje mnzanu sangakuzindikireni msanga.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi magazi. Gwape wolasidwa bwino, ngakhale m'mapapo, nthawi zambiri amathamanga kaye asanagwe, ndipo alenje amamulondola potsata madontho a magazi pa masamba. Mvula yamphamvu imatsuka madonthowo mofulumira, mwakuti nyama imene mwaivulaza ikhoza kukafera patali mozunzika, inu n'kubwerera chimanjamanja. Popeza ndinu mlendo pa ntchitoyi, mvula ikakula musawombere gwape amene ali patali kapena amene akuthamanga. Dikirani amene waima chopingasa pafupi nanu, ndipo mukawombera mugwire m'mutu mtengo umene anaima pafupi nawo ndi mbali imene wathawira, kenako muitane anzanu aja kuti mulondole limodzi kusanade.