Mwana wanga amamuitana wantchito kuti "iwe"

FUNSO: Pakhomo pathu tili ndi mayi wantchito wazaka zoposa 40, ndipo chino ndi chaka chachitatu ali nafe. Sabata yatha ndinamva mwana wanga wazaka 7 akumukuwira kuti, "Iwe, tabwera uchotse mbalezi!" Ndinamukalipira pomwepo. Koma apongozi anga, omwe adabwera kudzatiwona, akuti ndikuwonjeza, wantchito ukamupatsa ulemu wambiri amakukwera pamutu. Ife timamutenga ngati m'bale wathu, amadya zomwe timadya. Kodi ndalakwa?
Mayi wa ana awiri, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Simunalakwe, mayi. Koma musanamukalipirenso mwanayo, mudzifunse kuti "iwe" ameneyu adamutola kuti. Mwana wazaka 7 sapeka yekha zoti uyu ndi wa "inu", uyu ndi wa "iwe". Adamva wamkulu akutero. Mwina bambo ake, mwina agogo akewo, mwinanso inuyo tsiku lina ndiwo zitapserera.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa mayi anga adagwira ntchito yapakhomo kumayadi ku Blantyre zaka zambiri. Pa holide ndinkawatsatira. Kuseri kwa khitchini kunali msomali, pamsomalipo kapu yachitsulo yophwanyika m'mphepete, ndipo ndi yokhayo ankaloledwa kumwera tiyi. Ana a panyumbapo, amsinkhu wanga, ankawaitana ndi dzina lawo loyamba, chonsecho kumudzi kwathu ngakhale amfumu ankawaitana ndi chiwongo. Mayi ankangoyankha kuti "wawa", ine ndili pomwepo. Eni nyumbawo sanali azungu ayi. Anali Amalawi anzathu, osajomba kutchalitchi.

Khalidweli tidalitola kwa atsamunda, pamodzi ndi mawu oti "boyi" ndi tinyumba takuseri tomwe mpaka lero timati boyisikota. John Chilembwe ataukira mu Januwale 1915, boma lidakhazikitsa bungwe lofufuza chomwe chidayambitsa. Kupatula nkhanza za thangata m'maesiteti, anthu akuda adadandaulanso za chipewa: ukakumana ndi mzungu unkayenera kuvula, iye osakuyankha n'komwe. Ankadandaula za ulemu. Lero nkhope ya Chilembweyo ili pa K2,000 yomwe timaponyera mlonda kudzera pawindo la galimoto, osamuyang'ana kumaso.

Tsopano ndikufunseni inuyo, chifukwa mawu anu akuti "timamutenga ngati m'bale wathu" ndawamva kambirimbiri ndipo amandichititsa mantha. M'bale salandira malipiro pa tsiku lake. M'bale sapita ku tchuthi. M'bale amadzutsidwa 4 koloko m'mawa kuti atereke madzi osamba, n'kudzagona ena onse atagona. Mayi ameneyu ali pantchito, ndipo lamulo la zantchito la chaka cha 2000 likumuteteza ngati mmene limatetezera inuyo ku ofesi kwanu. Maola ogwira ntchito ndi 48 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu. Ayenera kupuma tsiku lathunthu sabata iliyonse. Ngati amagwira masiku 6 pa sabata, tchuthi chake cha pachaka ndi masiku 18, akulandira malipiro. Akakhala woyembekezera, ndi masabata 8. Malipiro ochepetsetsa amaika ndi boma ndipo amasintha, choncho kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. M'zaka zitatuzi, wapitako ku tchuthi kangati? Mwezi ukatha amalandira tsiku lomwelo, kapena amachita kukumbutsa akupotokola nsonga ya chitenje, inu n'kumati "tiwona mawa"? Kumuitana "inu" uku ndalama yake mukuigwiragwira, ndi ulemu wapakamwa chabe.

Za apongozi musakangane nawo, ndi alendo, apita. Mantha awo ndikuwamva, koma akusokoneza zinthu ziwiri. Kulemekeza munthu sikuletsa kumudzudzula. Akawotcha malaya ndi simbi, muitanireni pambali mumuuze, ana asakumva. Chomwe chimawononga ndi kumukalipira pamaso pa ana ndi alendo, chifukwa mawa lake ana aja amayesanso mawu omwewo.

Mwanayo musamumenye. Mbale zomwe wadyera azichotsa yekha patebulo, msinkhu umenewo akhoza ndithu. Apite akapepese, mawu ake akhale akuti "pepani", inu muli pomwepo. Kenaka mukhale pansi ndi mayiyo mumufunse kuti amafuna ana azimuitana bwanji. Ena amakonda "anti", ena chiwongo chawo, ena dzina la mwana wawo woyamba. Ngati dzina la mwana wakeyo simukulidziwa patatha zaka zitatu, yambani mwafunsa limenelo.