Matailosi kaye kapena denga? Yankho kwa mayi wa ku Zomba

Mayi wina wa ku Zomba watilembera kalata pa imelo. Nyumba yomwe akukhala inamangidwa m'zaka za m'ma 1990, ndi ya njerwa zootcha zomangira dothi, yopaka pulasitala mkati ndi kunja. Asunga ndalama zokwanira ntchito imodzi yaikulu. Mtima wawo uli pa matailosi ndi siling'i, ndipo akufunanso kugumula khoma la pakati pa balaza ndi khitchini kuti pakhale potakasuka. Kumapeto kwa kalatayo awonjezera kuti denga limadontha malo awiri, komanso penti ya m'munsi mwa makoma imangosendeka chaka ndi chaka. Akufunsa kuti ayambire pati.

Mayi, zikomo potilembera. Mawu awiri omwe mwatsiriza nawo aja ndiwo nkhani yonse. Nyumba yanu ikulowa madzi kuchokera kumwamba ndi kuchokera pansi, ndipo khoma lomangira dothi mdani wake wamkulu ndi madzi. Dothi la pakati pa njerwa likamwa madzi limafewa, khoma n'kutaya mphamvu. Ambiri tinaziona kumwera kuno mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, mvula itagwa masiku angapo osaleka. Choncho ndalama yanu ipite kaye kotseka madzi. Matailosi adikire.

Tiyambe ndi denga. Kudontha malo awiri sikutanthauza kuti malata onse atha. Tumani kalipentala akwere, ndipo inu muime mkati masana dzuwa likuswa mtengo, muyang'ane kumwamba. Ngati kuwala kukulowera pa misomali pokha, vuto ndi laling'ono: misomali yaweyeseka kapena inakhomedwa m'chigwa cha lata momwe mumayenda madzi, pamene malo ake ndi pamsana. Zimenezo n'zokonzeka ndi misomali yatsopano yokhala ndi labala ndi phula lomatira. Koma mukaona timabowo tambirimbiri ngati nyenyezi, makamaka pomwe malata alumikizana, dzimbiri ladya ndipo kumata n'kutaya ndalama. Kalipentalayo abayenso matabwa ndi msomali. Thabwa lodyedwa ndi chiswe limaoneka labwinobwino kunja, koma msomali umangolowa ngati mu nsima. Lotero lichoke, ndipo latsopano lipakidwe mankhwala a chiswe lisanakwere, kuphatikizapo kumapeto komwe adula ndi sowo.

Mukamagula malata, kumbukirani kuti nambala ya geji ikamakula lata limapyapyala. Geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 32. Ya 32 imakopa chifukwa cha mtengo, koma imapindika munthu akangoponda, imang'ambika pa misomali mphepo ikawomba, ndipo dzimbiri limaiboola msanga. Ngati thumba silikulola, ndi bwino kufolera mbali imodzi ndi geji 28 chaka chino, ina chaka chamawa, kusiyana n'kufolera nyumba yonse ndi opyapyala. Malata a IBR, aja a mizere ya makona, ubwino wake ndi woti mizere yake ndi yakuya, motero amatulutsa madzi bwino ngakhale denga likhale losatsetsereka kwambiri, ndipo amadulidwa kutalika komwe mukufuna, denga n'kukhala lopanda polumikiza. Kuipa kwake ndi mtengo, komanso salumikizana ndi malata wamba, ndiye simungasakanize mbali imodzi. Lata limodzi la IBR limafolera mamilimita 686 m'lifupi, powerengera gwiritsani ntchito nambala imeneyo. Kaya musankha ati, denga litulukire kunja kwa khoma masentimita 60 kuti mvula isamamenye khoma.

Tsopano penti yosendekayo. Apa m'pomwe anthu ambiri amanamizika, amapala n'kupakanso, chaka chamawa zomwezo. Vuto si penti. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zinamangidwa popanda pulasitiki wakuda uja amayala pamwamba pa maziko, ndiye khoma limayamwa chinyontho cha m'nthaka monga chingwe cha nyali chimakokera parafini. Chizindikiro chake ndi ufa woyera ngati mchere, ndi pulasitala yemwe mukagogoda amalira ngati ng'oma, kawirikawiri kuyambira pansi kufika cha m'chiuno.

Zungulirani nyumba mvula ikangokata. Paliponse pomwe madzi adikha pafupi ndi khoma, kapena pomwe dothi lakwera kufanana ndi pansi pa m'nyumba, mpomwe chinyontho chikulowera. Dothilo likumbidwe mpaka litsike masentimita 15 kuchokera pansi pa m'nyumba. Maluwa obzala mogundana ndi khoma asamuke, ngakhale tikudziwa kuti amakongoletsa. Kenaka mangani kakhonde ka simenti kuzungulira nyumba yonse, kotambalala masentimita 60 mpaka mita imodzi, kopendekera kunja, ndi ngalande yotengera madzi kutali.

Pulasitala wowolayo agumulidwe mpaka masentimita 30 pamwamba pa pomwe chinyontho chalekezera, khoma lisiyidwe liume milungu ingapo. Ntchito imeneyi nthawi yake ndi chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Asanapake watsopano, bilidala akolokose dothi la m'mizere ya njerwa kulowa sentimita imodzi kuti pulasitala apeze pogwira. Muyezo wake ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 ku mawilibala atatu a mchenga wosefa, osasefukira. Musalole kuti awonjezere simenti poganiza kuti alimbitsa: pulasitala wouma gwa pa khoma lofewa amang'aluka n'kumatuka. Athiridwe madzi masiku 7. Popenta, m'munsimo pewani penti ya mafuta chifukwa imatsekera chinyontho mkati. Laimu kapena penti ya madzi imalola khoma kupuma. Chimodzimodzi kumata matailosi m'munsi mwa khoma kuti mubise vutolo, chinyontho chimangokwera n'kukatulukira pamwamba pake.

Za kugumula khoma, chonde musafulumire. Ngati mitanda ya denga yakhazikika pa khomalo, ndiye kuti lanyamula denga. Ngakhale lisananyamule, khoma la mkati limagwira makoma a kunja kuti asafutukuke, ndipo nyumba zambiri zomangira dothi zilibe ring beam, lamba wa konkire uja wozungulira pamwamba pa makoma. Njira yapakati ndi kuboola khomo lotambalala mita imodzi ndi theka, n'kuika lintala ya konkire ya zitsulo yokhazikika masentimita 20 mbali iliyonse, denga litachirikizidwa kaye ndi mitengo. Aone injiniya, ndipo mufunse kukhonsolo za chilolezo. Ganiziraninso kuphika kwanu. Khitchini yotseguka imakoma pophika ndi magetsi kapena gasi, koma tsiku lokazinga usipa fungo lonse limathera m'mipando ndi m'makatani. Mbaula ya makala ndiye isalowe n'komwe m'nyumba yotseka, mpweya wake umapha.

Matailosi ndi abwino ndithu: sachita fumbi, safuna polishi, kukolopa n'kosavuta. Koma amatsatira zomwe zili pansi pake. Simenti ya pansi ikakhala yong'aluka, nawonso amang'aluka pomwepo. Yesani chonchi: yalani pulasitiki wa theka la mita pansi, mumate m'mbali monse ndi tepi, papite masiku awiri. Mukapeza thukuta kunsi kwake, pansi panu pakukwera chinyontho, ndipo pafunika kugumula, kuyala pulasitiki, kuthira konkire wina n'kudikira masiku 28 musanamate kanthu. Pakakhala pouma ndi polimba, simenti yofiira yosamalidwa bwino ikhoza kukutumikirani zaka zina zambiri mukusonkhanitsa ndalama.

Nthawi yake ikadzakwana, chipinda cha mamita 3 kwa 4 ndi masikweya mita 12. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo 10 la odula ndi osweka. Bokosi la matailosi anayi a masentimita 60 kwa 60 limakwana masikweya mita 1.44, ndiye mugule mabokosi 10, onse tsiku limodzi, chifukwa obwera pambuyo mtundu wake umasiyanako. Amatidwe ndi guluu wa matailosi wopakidwa ponseponse. Mmisiri woika timibulu tisanu kunsi kwa tailosi amasiya mphako, ndipo mwendo wa bedi ukapondapo imasweka. Kubafa ndi pakhonde sankhani okhakhala, osalala amagwetsa agogo ndi ana. Zitseko nazo zidzafuna kudulidwa m'munsi, poti pansi padzakwera pafupifupi masentimita awiri.

Siling'i ibwere denga litapyola dzinja lathunthu osadontha, mawaya a magetsi atalowa kale m'mapaipi ake. Ya gypsum imaoneka bwino ndipo imachepetsako phokoso la mvula, koma dontho limodzi limaisiyira banga, kenaka imalendewera. Ya pulasitiki ya PVC siwola ndi madzi, koma imafewa ndi moto, ndiye pamwamba pophikira siyoyenera. Iliyonse yomwe mungasankhe, uzani kalipentala asiye kachitseko ka masentimita 60 kwa 60 m'kholido, kuti chaka chilichonse mvula isanayambe munthu azikwera ndi tochi kukaona chiswe ndi podontha.